Thandizeni maganizo, osewera sakubwera ku training

Moni nonse abale ndi alongo, ine mutu waima ndiye ndati ndifunse kuno.

Miyezi itatu yapitayi tinayambitsa timu ya mpira, ya anyamata wamba osalipidwa, ena ndi ana asukulu ena ndi apantchito. Tinalemba mayina 24 koma ku training timapezeka 6 kapena 8 basi, ndiye ma corner kapena offside trap sitingayeserere, timangothamanga kuzungulira ground kenako kupatsirana mpira mpaka kude. Ikakhala gemu ya pakhomo onse amatulukira atanyamula ma boot, aliyense akufuna jezi ya first 11. Koma Lamlungu latha tinali koyenda, tinapita 7 okha, goloboyi wathu anavulala dzanja chigawo choyamba ndipo ref anathetsa gemu pompo poti malamulo salola timu kupitiriza ndi osewera ochepera 7. Zinandiwawa kwambiri makamaka chifukwa cha ana aja amene samajomba.

Ndayesa kutsegula gulu pa WhatsApp, amangowerenga osayankha. Nthawi ndinasintha kawiri, m'mawa kenako madzulo, palibe chasintha. Ndinaikanso lamulo loti wosabwera ku training sasewera koma amene amajomba kwambiri ndi omwe amadziwa mpira, awiri anaopseza zochoka ndipo ndinabwerera m'mbuyo, apa ndikuvomera ndinalakwitsa.

Inu amene munayendetsapo timu ngati iyi, munkatani kuti anthu azibwera? Ndichotse ojombawo nditsale ndi ochepa okhulupirika, kapena training ndiichepetse ikhale kawiri pa sabata m'malo mwa kanayi? Chonde ndithandizeni.