SIP yadutsa koma ana anga mulibemo

Wa resource room (chipinda chophunzitsira ana olumala):
Anzanga ndithandizeni mutu waima. SIP yathu (pulani yotukulira sukulu) akuti yadutsa kale ine osaitanidwa, ndangomva kwa mayi wina wa mother group kuti anakhala Loweruka, ahedi, a SMC (komiti yoyendetsa sukulu) ndi a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) basi. Ndalama za SIG (zomwe boma limapereka zotukulira sukulu) akuti penti ndi madesiki. Ine ndili ndi ana 4 osaona, mapepala a braille anatha teremu yatha, Perkins (makina olembera braille) imodzi yomweyo mabatani akukakamira, rampu ya kuchimbudzi ndinapempha chaka chatha mpaka lero zii. Nanga 40% ya SIG ya access and equity (kuti mwana aliyense apeze mwayi wofanana wa maphunziro) ija ndi ya ndani ngati si ana amenewa? Ndipite kwa a PEA (mlangizi wa masukulu a m'zoni yathu)?

Bambo a Std 8:
Madam, pempho lanulo lili m'maminitsi? Ngati munangonena pakamwa mu staff room ndiye simunapemphe.

Mayi a ku Bangwe:
Kwa a PEA musathamangireko chemwali, kudumpha ahedi kumapweteka. Ine ndinayesapo, mawa lake ndinapezeka ndapatsidwa Std 2 ya ana osawerengeka ati aphunzitsi akuchepa, resource room n'kusanduka mosungira ufa wa phala. Zonse zija ndinaphunzira ku koleji ya Montfort za kaphunzitsidwe ka ana olumala ndinazipinda kaye chaka chathunthu.

Itinerant (mphunzitsi woyendera ana olumala m'masukulu angapo) wa Limbe:
Vuto ndi loti mu SMC simukhala kholo la mwana wolumala, ndiye akuyankhulireni ndani? Pezani kholo limodzi lolimba pakamwa, pa chisankho chikubwerachi alowe. Tcheya wa SMC amamva kholo linzake kuposa ife, ifeyo amati tikufuna alawansi.

Bambo a Std 8:
Kholo lilowe inde koma zilembedwe. Maminitsi.

Mayi a ku Bangwe:
Komanso musayerekeze kugula mapepalawo ndi ndalama za m'thumba, mukangoyamba amati Madam amakwanitsa okha.

Wa resource room:
Ndagula kale kawiri 😭

Bambo a Std 8:
Mwaona? Malisiti ake ali kuti? Kalata kwa ahedi, kope kwa tcheya, ina musunge. Oditala akabwera safunsa amene analira, amafunsa fayilo.

Itinerant wa Limbe:
Achimwene tamva za maminitsi. Koma poti tili pompano, alipo watumiza kale maina a ofuna large print (mayeso a zilembo zikuluzikulu) ku MANEB? Wanga wina ndi wachialubino, makolo akukana ati amaona bwinobwino.

Mayi a ku Bangwe:
Muyeseni pa bolodi makolowo ali pomwepo, akhale kumbuyo kwa kalasi.