Mavidiyo ndatumiza, palibe wayankha

Kochi wa ana, Mchinji: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wosewera mpira wa zaka 16, wakumanzere, ndamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 11. Mwezi watha ndinatumiza vidiyo yake kwa makochi 9 a matimu akuluakulu. Onse anatsegula, palibe wayankha ngakhale "taona". Dzulo wandiimbira munthu wina, akuti ndi ejenti, angamutengere ku matirayelo ku Johannesburg, koma makolo apereke kaye K400,000 ya mapepala. Bambo ake ayamba kale kutsatsa ng'ombe. Kodi anzathu mumalowera khomo liti?

Timu manija wopuma, Lilongwe: Achimwene, yambani ndi ng'ombeyo. Ibwerere m'khola lero lomwe.

Loya wa zamasewero: Ndikugwirizana ndi madala. Malamulo a FIFA okhudza kusamuka kwa osewera, ndime 19, salola wosewera wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudzana ndi mpira. Ndiye ngakhale atakhoza matirayelowo, sangasainidwe. Komanso kuyambira 2023 ejenti amayenera kukhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo ambiri amaipeza polemba mayeso. Mufunseni dzina lonse ndi nambala ya laisensi. Mumve mmene ayankhire.

Kochi wa ana, Mchinji: Ndamufunsa pompano. Akuti laisensi ili ndi bwana wake. Ndafunsa dzina la bwanayo, foni yaduka.

Fizio, Blantyre: Yaduka bwino imeneyo 😂

Timu manija wopuma, Lilongwe: Tsono tibwere ku makochi 9 aja. Ndifunse mosabisa mawu: mwa iwowo, ndi angati amene munamwapo nawo ngakhale Fanta? Ndi angati akukudziwani nkhope?

Kochi wa ana, Mchinji: Palibe, madala. Manambala ndinachita kupempha kwa anthu.

Timu manija wopuma, Lilongwe: Ndiye bwanji mukudabwa? Ine ndakhala pa benchi zaka zambiri. Foni ya kochi wa mu Super League imadzaza ndi mavidiyo, aliyense akuti wapeza Gabadinho watsopano. Mphindi zitatu za zigoli zokhazokha, nyimbo pamwamba. Ndani angaike ntchito yake pachiswe chifukwa cha zimenezo? Kochi akagonja katatu kotsatizana masapota amamudikirira pageti. Munthu wotero amamvera amene anamuuzapo zoona kale. Kunali mphunzitsi wina wa pulayimale ku Kasungu amene ankandiimbira mwina kamodzi pachaka. Tsiku lina ndinamufunsa za mwana wake yemwe ankatchuka kwambiri, iye n'kundiuza kuti, musamutenge chaka chino, bondo silinapole. Anataya mwayi wake yekha. Kuyambira pamenepo akaimba, ndinkakwera basi osafunsa zambiri.

Mtolankhani, Mzuzu: Madala, zimenezi n'zoona koma zikumveka ngati zofuna zaka khumi. Mwanayu ali ndi 16 panopa. Tisanamizane, zolowera pawindo zilipo, ndipo amene ali ndi achibale m'makomiti sadikira choncho.

Timu manija wopuma, Lilongwe: Zilipo, sindikana. Koma wolowera pawindo amatulukiranso pawindo komiti ikasintha.

Fizio, Blantyre: Ine ndingowonjezera kuti mukuyang'ana m'mwamba kwambiri, kochi. Aliyense amathamangira kochi wamkulu ndi tcheyamani. Wosamalira mayunifomu, wothandizira kochi wa timu ya achisodzera, ife mafizio, palibe amatipatsa moni, chonsecho ndife amene timakhala nthawi yaitali pa timu. Makochi amabwera n'kupita. Ntchito yomwe ndili nayoyi ndinaipeza chifukwa pa bonanza ina ndinamanga bondo la mwana wa timu yomwe sinali yanga, ulere. Amene ananyamula mwanayo anali wothandizira kochi. Patatha zaka ziwiri anandikumbukira. Sindinapite kumeneko kukasaka ntchito ayi, ndinangoona mwana akulira ndipo bandeji ndinali nayo.

Kochi wa CAF B, Zomba: Funso langa: muli ndi pepala lanji la ukochi?

Kochi wa ana, Mchinji: Ndilibe. Ndinangosewera, kenako n'kuyamba kusonkhanitsa ana.

Kochi wa CAF B, Zomba: Yambani ndi laisensi ya ukochi ya D ikangolengezedwa ndi FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno. Pepalalo n'lofunika, koma chimene ndinapindula kwambiri ine pa maphunziro a ukochi ku Chiwembe ndi anthu. Masiku angapo mukudya nsima limodzi, kulakwitsa madirilu limodzi, kusekana. Amene ndinkagona naye chipinda chimodzi pano ali ku timu ya mu ligi yaikulu, ndipo ndikamuimbira sindiyamba ndi kudzifotokoza kuti ndine ndani. Koma musakapite ndi vidiyo m'manja tsiku loyamba, anthu adzayamba kukuthawani pa tiyi.

Loya wa zamasewero: Pali china chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Akademi yanu inalembetsedwa? Mwanayo ali m'kaundula wa FAM pansi pa dzina la timu yanu?

Kochi wa ana, Mchinji: Ayi. Timangosewera mabonanza ndi masewero apaubale.

Loya wa zamasewero: Apo ndiye pali bala. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamazo imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira chaka chomwe anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Kuyambira November 2022 ndalama zotere zimadutsa ku FIFA Clearing House, ofesi yomwe FIFA inakhazikitsa kuti izizigawa, ndipo iwo amayang'ana zimene zili m'kaundula, osati zimene mudzi wonse ukudziwa. Zaka zanu zisanu ndi mwanayu, pa pepala kulibe. Ndaona makochi akulira mwana atapita kunja, akuti ndinkamugulira nsapato ndine. Nsapato sizilowa mu kompyuta. Ndipo izi zimakhudzanso maubale omwe mukufunawo: timu yaikulu imamasuka kukambirana ndi akademi yolembetsedwa, chifukwa ikudziwa kuti mawa sikubwera malume wina kudzati mwanayu ndi wanga.

Mtolankhani, Mzuzu: Ndipo zaka zikhale zoona chonde. Ali ndi 16, akatenge chitupa cha unzika ku NRB. Mukangogwidwa kamodzi mutadula zaka, dzina lanu latha m'magulu a mpira, ngakhale mutadzabweretsa mwana woona.

Kochi wa ana, Mchinji: Zaka n'zoona, ndili ndi buku lake la kusikelo. Ndamva zonse, ngakhale zina zawawa. Mawa ndipita kwa bambo ake za ng'ombe ija, Lolemba ndikaonana ndi a komiti ya mpira ya boma lino za kulembetsa. Koma makochi 9 aja ndiwatani? Ndiwalemberenso?

Timu manija wopuma, Lilongwe: Asiyeni. Loweruka kuli masewero ku Civo, ine ndidzakhalako. Bwerani nokha, mwana atsale. Ndikakuonetsani kwa mnyamata amene amayang'anira achisodzera ku timu ina, ndinamulera ndine mumpira. Musakamupemphe kanthu. Iye amavutika kupeza matimu osewera nawo apaubale kunja kwa tauni, inu muli ndi bwalo ndi ana. Mukamuitane abwere ku Mchinji, mudzawaphikire nsima. Wakumanzere wanuyo adzamuona yekha.

Kochi wa ana, Mchinji: Zikomo kwambiri madala. Bwalo lathu lili ndi chulu pakona imodzi, tiyamba kuchigumula mawa.

Fizio, Blantyre: Mukwirirenso maenje, ine Mchinji ndi kutali.

Timu manija wopuma, Lilongwe: Mufike isanakwane 1 koloko, pageti la kumsewu. Thiransipoti yanu, tikiti ndigula ine.