Tikufuna kujambula filimu ya nyimbo ndi magule pasukulu, tiyambire pati?

WaFomu3:
Moni nonse. Ndife a kalabu ya zisudzo pa sekondale ina yogonera konko. Chaka chino tagwirizana zoti m'malo mwa sewero la pa siteji tijambule filimu, ya mtundu uja woti anthu akulankhulana kenako nkhani n'kupitirira m'nyimbo ndi kuvina. Nkhani yake ndi ya atsikana awiri ogona hosteli imodzi amene akulimbirana uhedigelo. Tili ndi mafoni awiri a Android, laputopu ya a patironi athu, kiyibodi ya kwaya ndi ng'oma zitatu. Anthu tilipo 24. Tikuganiza za ola limodzi ndi nyimbo 8. Tiyambe ndi chiyani, kulemba, nyimbo kapena kujambula? Nanga pa kamera tiziimba zenizeni pomwepo?

DisoLaKamera:
Achemwali, ola limodzi lisiyeni kaye. Tsamba limodzi la sewero lolembedwa limatulutsa pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, ndipo gulu loyamba kumene likajambula masamba awiri kapena atatu pa tsiku ndiye kuti lagwira ntchito. Nyimbo imodzi yokhala ndi gule imadya tsiku lathunthu payokha. Inu muli ndi Loweruka ndi masana a Lamlungu basi, ndiye werengani nokha. Konzani mphindi 15 mpaka 20 ndi nyimbo zitatu kapena zinayi, iliyonse yosapitirira mphindi ziwiri ndi theka.

Kuimba zenizeni pa kamera ayi. Gawo limodzi la nyimbo mumalijambula kangapo: patali kuti onse aoneke, pafupi pa nkhope ya woimba, kenako m'mbali. Akamaimba pomwepo, ulendo woyamba athamanga, wachiwiri akokera, wachitatu wina wayambira kiyi ina. Mukadzati mulumikize zidutswazo pa laputopu, milomo ndi mawu sizidzakumana. Choncho yambani ndi nkhani mwachidule pa tsamba limodzi, sonyezani pamene nyimbo zikulowa, pekani nyimbozo, muzijambule mawu okha mpaka zithe, kenako mulembe zolankhula ndi kuphunzira gule motsatira nyimbo yojambulidwa kale ija. Kamera imabwera kumapeto.

Pa tsiku lojambula mumayatsa nyimboyo pa sipika, osewera n'kumaimba motsatira. Aziimba mokweza ndithu, osangogwedeza milomo, chifukwa khosi ndi kapumidwe zimaonetsa kuti munthu akunamizira. Kumayambiriro kwa nyimbo ikani kugogoda kunayi kuti onse alowe limodzi. Foni ijambule mawu a sipikayo ngakhale akumveka moipa, popeza ndi amene mudzayenderemo poika nyimbo yoyera pamwamba pake. Idulireninso nyimbo m'zigawo, vesi payokha, kolasi payokha, chilichonse ndi kugogoda kwake, kuti mukalakwitsa kolasi yomaliza musamayambirenso kumayambiriro.

BamboSitudiyo:
Zoona zimenezo. Ine ndionjezepo za mawu, chifukwa chithunzi chosaoneka bwino anthu amapirira, koma mawu akangovuta amasiya kuonera.

Nyimbo musajambulire m'kalasi kapena mu holo. Makoma a simenti ndi pansi popanda kanthu zimabweza mawu, ndipo kubwerera kumeneko sikuchotseka pambuyo pake. Pezani kachipinda kakang'ono monga sitolo ya mabuku, mupachike mabulangete a ku hosteli kumakoma ndi pachitseko, pansi muyale matiresi. Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yaulere pa laputopu, BandLab ilipo ya pa foni. Sankhani 48 kHz, ndiyo yoyendera limodzi ndi kanema. Yambani ndi kiyibodi, mutayatsa metronome yake, kaja kogogoda mofanana, kuti liwiro lisasinthe. Ng'oma zibwere pazokha, woimba ng'oma atavala mahedifoni, maikolofoni italikire mita imodzi kapena iwiri chifukwa ng'oma pafupi imaphulitsa mawu. Wotsogolera nyimbo aimbe yekha, pakamwa patalikire chikhatho chimodzi kuchoka pa maikolofoni. Ovomera asakhale 20. Tengani 6 oimba bwino, ajambule kolasi katatu, musanjike, zidzamveka ngati sukulu yonse. Mahedifoni akhale a waya, a Bluetooth amachedwetsa mawu ndipo woimba amatsalira m'mbuyo.

Pa zolankhula, foni yojambula chithunzi imakhala patali ndiye imatola mphepo ndi phokoso la m'kalasi yoyandikana. Foni yachiwiri isakhale kamera, ikhale yotola mawu: muibise kuseri kwa mabuku pa desiki kapena muimangirire ku nsungwi, wina aigwire pamwamba pa mitu ya olankhula, kunja kwa chithunzi. Musanayambe gawo lililonse, wina atchule nambala yake n'kuomba m'manja kamodzi kamera ikuona. Pa laputopu kuombako kumaoneka ngati kamzere kosongoka pa mawu onse awiri, mumangokumanitsa. Mukamaliza gawo, onse akhale chete masekondi 30 mujambule bata la m'chipindamo, lidzatseka mipata podula.

Nyengo nayo muiganizire. Mvula pa malata imapha zolankhula zonse, ndiye kuyambira Disembala mpaka Malichi za m'kalasi n'zovuta. Mu Okutobala panja pamakhala nyenje. Zigawo za nyimbo zilibe vuto ndi zonsezi poti mawu ake mudajambula kale, choncho tsiku laphokoso jambulani gule, tsiku labata jambulani zolankhula.

MphunzitsiWaZisudzo:
Ana inu, musanagwire foni pitani kwa ahedi pamodzi ndi a patironi, mutanyamula nkhani yolembedwa. Masukulu ambiri ogonera saloleza mafoni, ndiye pakhale mgwirizano wolembedwa kuti amasunga ndani ndipo amatuluka nthawi yanji. Aliyense wosakwana zaka 18 abweretse kalata yosainidwa ndi kholo, yonena poyera ngati filimuyo idzaikidwe pa YouTube kapena Facebook. Kholo limodzi likadzakana mutamaliza, ndipo mwana wake ali pakati pa gule, gawo lonselo latayika. Sukulu ya m'nkhani muipatse dzina lopeka, baji ya pa yunifolomu muibise, ndipo mphunzitsi wa m'nkhani asafanane ndi weniweni aliyense pa mayendedwe kapena kalankhulidwe. Zimenezi ndi zimene zimatseketsa makalabu.

Mbali zikuluzikulu musapatse a Fomu 4. Mayeso a MSCE akayandikira simuwaonanso, ndipo akalemba amapita. A Fomu 2 nawo ali ndi JCE. Dalirani Fomu 3 ndi Fomu 1. Pa anthu 24 aja, 8 asasewere n'komwe: wotsogolera, wa kamera, wa mawu, woliza sipika, wophunzitsa gule, wa zovala, woletsa anthu kudutsa, ndi wina wa kope. Wa kopeyu ndi wofunika kuposa mmene mukuganizira. Alembe kuti juzi inavalidwa kapena ayi, chikwama chinali phewa liti, pa bolodi panalembedwa chiyani, ndipo ajambule chithunzi. Gawo loyambika Loweruka lino n'kumalizidwa Loweruka linalo, bolodi imakhala itafufutidwa ndipo wina wameta.

Nyimbo pekani zanu. Mukatenga ya woimba wina, ngakhale mutaimba nokha ndi mawu ena, mwiniwake akadali ndi ufulu pansi pa lamulo la Copyright la 2016, ndipo zilolezo zake zimadzera ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa oimba ndi olemba. Pa YouTube nyimbo ya eni imazindikirika yokha, filimu n'kutsekedwa kapena ndalama n'kupita kwa mwini nyimbo. Mukafuna kuionetsa kunja kwa sukulu anthu akulipira pakhomo, a patironi afunse kaye ku Censorship Board, bungwe lounika mafilimu.

Pa gule, musavutike kutengera za pa TikTok. Onani mmene beni kapena mganda amaimira m'mizere, wotsogolera ali ndi wenzulo. Zimakhala bwino ndi yunifolomu pa bwalo la asembule, ndipo wosadziwa kwenikweni amabisala mzere wakumbuyo. Chimodzi chimene ndikusiyana nawo a DisoLaKamera: nyimbo yachete, mtsikana ali yekha pa bedi ku hosteli, ikhoza kuimbidwa pomwepo ngati mwaijambula ulendo umodzi osadula.

WaFomu3:
Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi nonse. Tatsitsa kufika pa nyimbo zinayi. Tinayesa kujambula mu holo madzulo koma chithunzi chikuphethira, mizere yakuda ikuyenda. Foni yawonongeka?

DisoLaKamera:
Foni ili bwino. Magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz, pomwe mafoni ambiri amajambula pa 30 fps (mafelemu, kapena kuti zithunzi, 30 pa sekondi), ndiye mababu ena, makamaka a machubu, amaoneka akuphethira. Ikani pulogalamu ya kamera ya Open Camera, ndi yaulere, musankhe 25 fps, ndipo ngati foni ikulola, shutter ikhale 1/50. Ikakana, zimitsani magetsi mugwiritse ntchito mawindo: osewera ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, windo lisakhale kumbuyo kwawo. Katoni yomatidwa mapepala oyera imabweza kuwala kumaso. Panja jambulani m'mawa isanakwane 9 koloko kapena kuyambira 3 koloko masana, dzuwa la paliwombo limadetsa m'maso. Foni ikhale chogona, pa 1080p, airplane mode yoyatsa, ndipo mutseke focus ndi exposure kuti kuwala kusamasinthe ovina akamadutsa.

Malo osungira: mphindi imodzi ya 1080p imadya pakati pa 100 ndi 150 MB, ndipo mudzajambula kuwirikiza kakhumi zimene zidzalowe mu filimu, ndiye mphindi 20 zikufuna pakati pa 20 ndi 30 GB. Madzulo alionse koperani pa laputopu ndi pa fulashi ina musanafufute pa foni. Polumikiza, milomo ikayamba bwino koma n'kumatsalira pakati pa nyimbo, vuto ndi liwiro la mafelemu a foni limene limasinthasintha. Dutsitsani fayiloyo mu pulogalamu ya pa laputopu ya HandBrake, musankhe constant framerate pa 25, kenako muilowetsenso.

Za nyimbo yachete aphunzitsi akunena zoona, bola pakhale popanda kiyibodi yomveka m'chipindamo. Woimba avale kahedifoni kamodzi khutu losaoneka pa kamera, waya adutse m'kati mwa juzi, kiyibodi mudzaiwonjezere pa laputopu.