Bambo ake akukana kusainira pasipoti ya mwana, ndipange bwanji?

Membala wobisa dzina:
Aadimini ndibiseni dzina chonde. Ndili ku Bangula kuno, ndimasunga mwana wa akulu anga, mtsikana wa zaka 9. Mayi ake ali ku Joni, amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo akufuna mwanayu akawaone pa holide ya Disembala. Ndalama ya pasipoti anatumiza kale. Povuta ndi pa bambo ake. Banja linatha kalekale, iwo ali ku Nchalo ndi mkazi wina, ngakhale kope limodzi sanamugulireko mwanayu, koma nditawaimbira za kusaina akuti mwana wawo sapita kulikonse chifukwa lobola anapereka. Chiphaso chobadwira nacho chinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy, pamodzi ndi buku la kusikelo. Ndiye mnzanga wandilumikiza ndi mkulu wina, akuti ali ndi anthu ake ku Blantyre, ndimupatse K300,000 pasipoti ituluka popanda bambo, mwana osakwera n'komwe chitunda cha Thabwa. Mtengo weniweni ndi zingati abale? Nanga ine monga mayi ake aang'ono sindingasaine? Mwanayu amadya kwa ine, akadwala ndine ndimathamanga naye kuchipatala.

Mayi wa geni ya mpunga, Ngabu:
Asisi, ameneyo ndi dobadoba, ndalama yanu mungoitaya mu Shire. Pasipoti za masiku ano amajambula munthu pomwepo pa ofesi, ndiye mwana ali ku Bangula amujambula bwanji? Ya akuluakulu boma linatsitsa mu 2024 kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndipo ya mwana siposa ya wamkulu. Mukafika funsani pa kauntala mtengo wa tsikulo, mulipire pomwe akuuzeni, mutenge lisiti. Osapereka ndalama m'manja mwa munthu woima pageti ngakhale atavala tayi.

Mnyamata wa kabaza, Nsanje boma:
K300,000 imeneyo mundipatse ine ndikusainirani, ndine bambo ake kuyambira lero 😂

Bambo wa ku Tengani:
Tisamangonyoza mwamunayo. Kwathu kuno munthu akapereka lobola ana amakhala a kuchimuna, zimenezo aliyense amazidziwa. Mwamuimbira foni ngati mukuitanitsa thumba la makala, ndiye mumati avomere? Nkhani ya mwana kutuluka m'dziko ndi yokhalirana pansi, ankhoswe a mbali zonse alipo.

Mayi wa geni ya mpunga, Ngabu:
Bambo, lobola anapereka inde, nanga yunifomu akugula ndani? Ana ndi a kuchimuna pa nthawi yosaina pokha?

Bambo wa ku Tengani:
Mayi, sindikuti akuchita bwino. Ndikuti mukamudumpha, mawa akakasuma kuti mwana wake anamutulutsa mozemba, amene adzanjatidwe ndi mayi aang'onowa, osati dobadoba uja.

Mphunzitsi wa ku East Bank:
Apo bambo a ku Tengani anena zoona, ngakhale zikuwawa. Chemwali, yambani ndi chiphaso chobadwira, chifukwa popanda chimenecho palibe chimene chiyende. Pitani ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso zobadwira ndi za unzika, kwa DC ku Nsanje mukafotokoze kuti chinakokoloka mu 2023. Si inu nokha, ambiri kuno mapepala awo anapita ndi madzi omwewo. Ngati mwana analembetsedwa kale, dzina lake lili mu kompyuta. Mukachilandira muone bwino kuti pa bambo panalembedwa ndani, chifukwa dzinalo likakhalapo, a Immigration adzafuna kumva mawu awo.

Za inu kusaina: kulera mwana ndi kukhala womuyang'anira wodziwika ndi lamulo ndi zinthu ziwiri. Kumudzi tonse tikudziwa kuti ndinu mayi ake, koma ofesi imawerenga pepala. Akulu anuwo alembe kalata yolumbira yoti akuvomereza komanso kuti mwana amakhala ndi inu. Ku South Africa kalata zoterezi amadinda pa polisi, apo ayi apite ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Atumize pamodzi ndi fotokope ya pasipoti yawo ndi ya chiphaso cha unzika. Bambo nawo kalata yawo akalumbirire kwa majisitireti kapena kwa loya, aphatikize fotokope ya chiphaso chawo.

Akakanitsitsa, njira ilipo koma ndi yaitali. Mumayambira ku ofesi ya Social Welfare, iwo amawaitanitsa bamboyo. Zikakanika nkhani imapita ku khoti la ana. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limayang'ana chimene chili chokomera mwanayo, osati ng'ombe zimene zinaperekedwa. Ndipo pomwepo mutha kudandaulanso za chithandizo chimene sakupereka. Abambo ambiri akangomva mbali imeneyo cholembera amachipeza msanga.

Membala wobisa dzina:
Aphunzitsi zikomo. Koma khoti ndi Disembala uyu zitheka? Komanso akulu angawo masiku awo anatha kalekale kumeneko, amaopa kuyandikira polisi.

Mayi wokhala ku Joni, kwathu ku Makhanga:
Eee, apo ndiye mwatchula nkhani yeniyeni. Ine ndili konkuno, ndikuuzeni mosabisa. Mmalawi akalowa muno amapatsidwa masiku 30 basi. Funsani akulu anuwo bwinobwino: mwanayu akubwera kudzacheza kapena kudzakhala? Ambiri timati holide, mwana akafika sitimubwezanso, masiku ake amatha, kupeza malo kusukulu kumavuta, amangokhala m'chipinda mayi ali kuntchito. Mwina bambo akewo akukana chifukwa anamva kale mphekesera. Munthu akhoza kukhala wosasamala koma n'kuopabe kuti mwana wake sadzamuonanso.

China, akumuperekeza ndani? Chilolezo chopangira pasipoti ndi china, choyendera ndi china. Njira ya basi ndi Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo pa chipata chilichonse akhoza kufunsa kuti mwanayu ndi wa ndani. Musayerekeze kumupereka kwa kondakitala kapena kwa anyamata onyamula katundu aja kuti akamutule. Malawi ili ndi lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, ndipo mwana wamkazi woyenda ndi munthu wachilendo wopanda kalata ya makolo amaimitsa basi yonse.

Mnyamata wa ku Marka:
Bwanji osangodutsira kuno pa Marka ndi boda pasi?

Mphunzitsi wa ku East Bank:
Achimwene, boda pasi ndi yokaonera abale kutsidya ku Mozambique n'kubwerako. Ku Beitbridge sigwira ntchito.

Gogo wa ku Chikwawa, andilembera mdzukulu:
Mwanawe, usapite wekha kwa mwamunayo. Tenga malume ake a mwana ndi nkhoswe, mukafikire kwa mlongo wake kapena mayi ake ngati alipo. Apongozi akamva kuti mdzukulu akungopita kukaona mayi ake ndipo tsiku lobwerera lilipo, iwowo ndi amene akamuuze mwana wawo kuti asaine. Ndipo mtsikanayo mupite naye, bambo amuone ndi maso.

Membala wobisa dzina:
Takhuta nonse. Ndawaimbira akulu anga usiku, poyamba amazungulira, kenako avomera kuti maganizo awo anali oti mwana akayambe sukulu komweko. Ndawauza kuti zimenezo ine sindisenza, akambirane okha ndi bambo ake. Akuti aganize kaye, mwina abwere okha pa Khirisimasi. Mkulu wa K300,000 uja ndamubuloka, wayesa kale kuimba pa nambala ina. Chiphaso chobadwira chokha ndikachiyamba Lolemba, chifukwa chimafunika ngakhale ulendo utalephereka. Aphunzitsi, ku NRB ndipite ndi mwana kapena chiphaso changa chikwana? Nanga kalata ya amfumu ndiitengeretu?

Mphunzitsi wa ku East Bank:
Tengani zonse, kalata ya amfumu, chiphaso chanu ndi fotokope ya cha mayi ake. Kubwerera ku Bangula chifukwa cha pepala limodzi ndi thiransipoti ina. Mulawirire dzuwa lisanakwere.