Kodi PE 100, PN 10 ndi SDR 17 zolembedwa pa mapaipi a madzi zimatanthauza chiyani?

Mlembi wa komiti ya madzi:
Komiti yathu ikufuna kukoka madzi kuchokera ku kasupe wa paphiri kufikitsa ku mipopi ya m'mudzi, ndipo mpopi wakumunsi kwambiri watsika mamita pafupifupi 80 kuchokera pa kasupeyo. Kusitolo tapeza mapaipi akuda a pulasitiki, ena olembedwa PE 100 PN 10 SDR 17, ena PE 100 PN 16 SDR 11, ndipo mitengo yake ikusiyana kwambiri. Tikupempha odziwa atilongosolere tisanawononge ndalama za anthu.

Mmisiri wa mapaipi:
Bambo mlembi, zolembedwazo zikunena zinthu zitatu zosiyana. PE 100 ikunena za kulimba kwa pulasitiki yomwe apangira paipi: inayesedwa kuti ingathe kupirira mphamvu ya 10 MPa (muyeso wa mphamvu yokoka kapena kukankha chinthu) kwa zaka 50 madzi akakhala pa 20°C, pomwe PE 80 imapirira 8 MPa. PN ikunena mphamvu ya madzi imene paipi ingapirire, ndipo amaiyeza m'ma bar. SDR imapezeka pogawa kukula kwa paipi, poyeza kunja kwake, ndi kuchindikala kwa khoma lake, kotero nambala ikachepa ndiye kuti khoma ndi lochindikala. Paipi ya mamilimita 63 ya SDR 17 ili ndi khoma la mamilimita 3.8, pomwe ya SDR 11 ili ndi khoma la mamilimita 5.8, ndipo kusiyana kwa mtengo kwagona pamenepo. Musadalire SDR yokha, chifukwa SDR 17 ya PE 80 ndi PN 8 basi.

Mayi wa ku Mulanje:
Mamita 10 aliwonse amene madzi atsika amawonjezera pafupifupi bar imodzi, choncho mipopi yonse ikatsekedwa usiku, paipi yakumunsi idzasenza ma bar 8. Pa pepala PN 10 ikukwanira, koma ziwerengerozo anazikhazikitsa pa 20°C. Pa 30°C paipi yomweyo imatsala ndi ma bar pafupifupi 8.7, ndipo pa 40°C imatsala ndi pafupifupi 7.4, kutentha komwe paipi yakuda yosakwiriridwa imafikako mosavuta mu Okutobala. Ine ndikanaika PN 12.5 kapena PN 16 kumunsi kokha, chakumtunda n'kuika yotsikirapo mtengo, kenaka n'kukwirira yonse. Njira ina ndi kumanga thanki yaing'ono pakati pa mtsetse kuti mphamvu ya madzi iyambirenso pamenepo.

Mmisiri wa mapaipi:
Mayi anena zoona. Pogula, onetsetsaninso kuti paipiyo ili ndi mizere ya buluu ndiponso chilembo cha ISO 4427 (muyezo wa padziko lonse wa mapaipi a madzi a mtundu umenewu), chifukwa mapaipi ofewa a LDPE othiririra dimba nawonso ndi akuda ndipo ambiri amasokonezeka nawo. Guluu wa PVC sagwira pa pulasitiki imeneyi. Muyenera kulumikiza ndi zolumikizira zomanga ndi mazinga kapena kuwotcherera ndi makina, ndipo PN ya zolumikizirazo isachepe poyerekeza ndi ya paipi.