Ndakalambira mu mpingo koma mtima sukusintha, ndithandizeni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pali nkhani imene yandisowetsa mtendere. Ndinabatizidwa ndili mtsikana, pano ndili ndi zidzukulu. Kutchalitchi sindijomba, m'kwaya ndaimbamo, ana a Sande sukulu ndaphunzitsa. Koma ndikadziyang'ana bwinobwino, mkwiyo umene ndinali nawo pautsikana udakalipo. Pali m'bale wanga amene anandilankhula mawu olasa kalekale. Ndinanena pamaso pa Mulungu kuti ndamukhululukira, komabe foni ikalira n'kuona dzina lake, mtima umawira, ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha. Pemphero nalo lauma. Ndikagwada m'mamawa n'kungoti "Atate wathu", maganizo athawira kale ku ngongole ndi matenda a ana.

Pa 2 Akorinto 4:16 Paulo akuti ngakhale thupi likunka lifookerafookera, munthu wam'kati akukonzedwa mwatsopano tsiku ndi tsiku. Kufooka kwa thupiko ndikukuona. Nanga kukonzedwa kwa m'katiko kuli kuti? Inu amene mwayenda ndi Yesu zaka zambiri, munthu amadziwa bwanji kuti akukula mu uzimu?

Bambo wina wayankha:
Mayi, musafulumire kudziweruza. Taonani Petro. Analalikira pa Pentekoste, anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa tsiku lomwelo. Koma patapita zaka, ku Antiokeya, anaopanso anthu n'kusiya kudyera limodzi ndi Akhristu a mitundu ina, mpaka Paulo anamudzudzula pagulu (Agalatiya 2:11-14). Mantha amene anamukanitsa Yesu usiku uja anali asanamutherebe, chikhalirecho Mulungu ankamugwiritsa ntchito. Paulo mwiniwakeyo, ali m'ndende, anauza Afilipi kuti sanafikepo, akuthamangabe (3:12).

Mlongo wina wayankha:
Amayi, salani kudya masiku atatu, mupemphere molimba. Mkwiyo umenewo uchoka.

Mayi wina wayankha:
Kusala kudya n'kwabwino achemwali, koma tisawalonjeze amayiwa kuti bala la zaka zonsezi lipola m'masiku atatu. Akadzaona kuti silinapole adzayamba kuganiza kuti Mulungu wawataya.

Mayi, ine ndimaona kuti Yesu pouza Petro kuti akhululuke mobwerezabwereza (Mateyu 18:21-22), nthawi zina cholakwacho chimakhala chimodzi chomwecho, chimene chimadzuka m'mtima nthawi iliyonse mukachikumbukira. Foni ikalira, pomwepo m'pokhululukanso. Ndipo dziwani kuti kuwawidwa mtima kumene mukumva chifukwa cha mkwiyowu si kwa munthu wakufa mu uzimu. Muli mtsikana unkakusautsani chonchi?

Za kukula, Marko 4:26-28 akuti mlimi amafesa, amagona n'kudzuka, mbewu imamera n'kukula iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Mwiniwake sadziona. Funsani munthu amene wakhala nanu nthawi yaitali, amene sangakunyengerereni, akuuzeni ngati kuleza mtima ndi chifundo zotchulidwa pa Agalatiya 5:22-23 zawonjezeka mwa inu.

Pemphero likauma ine ndimatsegula Masalimo n'kuwerenga mokweza, makamaka 13, 42 ndi 88. Salimo 88 limatha wolembayo adakali mumdima, koma Mulungu analola kuti likhale m'Baibulo. Ngakhale Mother Teresa wa ku Calcutta, amene anamwalira mu 1997, makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva ngati Mulungu ali kutali, koma sanaleke kupemphera kapena kusamalira odwala.

Wofunsa uja wayankha:
Zikomo kwambiri nonse, Ambuye akudalitseni. Za Petro ku Antiokeya ndawerengapo kambirimbiri koma sindinaziganizirepo motere. Ndifunsa mwana wanga wamkulu, ameneyo sabisa mawu. Chimene chikundivutabe ndi ichi: m'bale wangayu sanapepesepo, ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti anandipweteka. Ndimuimbire ndine n'kumukumbutsa nkhaniyi, kapena ndingoyamba kuyankha mafoni ake osatchula kanthu?