Ndalama za Ogasiti: mjigo kapena kampu ya ana?

Wapampando: Abale a ku Katete, nkhani ija ithe sabata ino. Zopereka zathu zingokwanira chimodzi: kukonza mjigo wa kusukulu, kapena kampu ya masiku asanu ya ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo) pa holide ya Ogasiti.

aBanda (Lusaka): Mjigo umamwetsa mudzi wonse. Kampuyo ndi ya ana angati? Komanso Ogasiti mitima ya anthu imakhala ku Kulamba ku Mkaika, adzathandiza ndani?

Naphiri: Ndilankhuleko, a Wapampando. Mwana wanga ali ndi zaka 9, salankhula. Chigayo chikangolira amatseka makutu n'kumamenyetsa mutu kukhoma. Nsima ikakhudzana ndi ndiwo m'mbale, basi sadya. Kiyi ndimagona nayo, ndamangirira pansonga ya chitenje, chifukwa tsiku lina adatuluka 3 koloko usiku, tidakam'peza kudimba. Kumaliro sindipita, anthu amati ndine wodzimva. Achimwene aBanda, mjigo sindikuukana, nanenso ndimatunga pomwepo. Koma tulo tenitweni ndidatiiwala.

Nankhoma: Zoona mlamu. Ena mpaka pano amanong'ona kuti bambo ake adam'khwimira.

Aphunzitsi opuma: Zimenezo zisiyeni. Autism si ufiti ndipo sipatsirana, ubongo wa mwana umakula mwanjira yakeyake. Chimene chimawakhazika mtima pansi anawa ndi ndondomeko yosasintha: kudya nthawi yomweyo, zithunzi zosonyeza chimene chikubwera, wowasamalira yemweyo tsiku lililonse. Koma kugona kumalo achilendo ambiri sangapirire. Ikhale ya masana, abwere 8 koloko, abwerere 15 koloko. Amayi awonso adziwane, ambiri amayesa ali okha.

Naphiri: Ngakhale masana, aphunzitsi. Ndizikagona masanawo.

Msungichuma: aBanda, mjigo ndi ntchito ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'konsitityuwensi. Mu 2022 thumbalo lidakwera kufika K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse. Tilembe pempho, lidzere ku WDC, komiti ya chitukuko ya m'wadi mwathu. Za anawa ndani adzatilembera? Lamulo la anthu olumala lidabwera 2012, koma kumudzi kwathu ndani adalionapo likugwira ntchito?

aBanda (Lusaka): CDF imachedwa, mukudziwa nonse, ndipo Okutobala anthu adzatitukwana pamzere wa madzi. Sindinasinthe maganizo. Koma ngati mwagwirizana, ine matumba awiri a ufa.

Wapampando: Tivote mpaka Lachisanu. Aphunzitsi, kaonaneni ndi ahedi za kalasi.

Naphiri: Mupemphe ya kumapeto ija, yakutali ndi chigayo.